Mwini zenera ndani m'minibasi ya ku Kasungu?

Minibasi yochoka pa depoti ya Kasungu kupita ku Lilongwe siyendera wotchi, imanyamuka ikadzadza. Aliyense wa kwa Kaomba amalidziwa lamulo limeneli. Wofika woyamba amasankha mpando wa pazenera n'kukhala pamenepo mwina ola lathunthu, injini ikungolira kunamiza anthu kuti ulendo ndi pompano, oyitanira akulimbirana zikwama panja. Pofika nthawi yoti kondakitala akankhe chitseko, pa mzere uliwonse pali anthu anayi, ana ali pamiyendo, thumba la mtedza lapanikizidwa pansi pa mpando. Ngati ndi m'mamawa wa mu Juni, magalasi amakhala atachita nkhungu m'kati. Nkhunguyo sinachokere kudambo ayi. Ndi chinyezi chotuluka m'mapapo mwa anthu ali m'menemo.

Mkangano umayamba galimoto ikangotuluka m'tauni, ndipo mawu ake sasintha kwenikweni.

"Achimwene, tatsegulaniko windolo pang'ono, tikubanika kuno."

"Iyayi bambo, ine ndili ndi khanda. Mukufuna andidwalire chibayo?"

Wa khanda amapambana, ndipo palibe amene angamudzudzule. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti mphepo ndiyo imadwalitsa: mwana akagona pafupi ndi khomo amadzuka ndi chimfine, wamkulu akayenda usiku wopanda jekete chibayo chimamugwira. Muli choonadi pang'ono m'menemo, pakuti khanda silichedwa kuzizidwa ndipo liyenera kufunditsidwa bwino. Koma chimfine, chikuku, Covid-19 ndi chifuwa chachikulu sizibadwira m'mphepo ya pamsewu. Zimachokera m'chifuwa mwa munthu, ndipo zimafuna mpweya wokhazikika, wosasinthidwa, kuti zikafike m'chifuwa mwa mnzake. Zenera likatsekedwa pofuna kuteteza khanda, khandalo limatsala likupuma mpweya wa anthu 18 kuchokera pa Kasungu, kudutsa pa Chinkhoma, Bua, Madisi, Mponela ndi Lumbadzi mpaka ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130.

Zimene maso saona

Munthu akayetsemula timaona malovu ndipo timatembenuza nkhope. Madontho akuluakulu amenewo sapita patali. Amagwa pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri, pa mpando, pa malaya, pa dzanja. Koma pali timadontho tina tating'onoting'ono, tochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, timene timatuluka ngakhale munthu akungopuma ali phee. Akamayankhula timachuluka. Akamaimba, kulalikira kapena kukuwa timachulukiratu. Timeneti sitigwa msanga, timangoyandama mumpweya kwa mphindi zambiri, mwinanso maola, titanyamula tizirombo ta matenda ngati mwini wake ali nato. Kachirombo ka chikuku kamatha kukhala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo kale. N'chifukwa chake chikuku chikalowa pakati pa ana osalandira katemera chimagwira 9 mwa 10 aliwonse. Mu 2010 dziko lino linaona zimenezi ndi maso: anthu pafupifupi 134,000 anadwala chikuku ndipo oposa 300 anamwalira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu wamkulu atakhala pansi amakoka ndi kutulutsa malita pafupifupi 7 a mpweya pa mphindi imodzi. Anthu 18 akayenda maola awiri ndiye kuti atulutsa malita oposa 15,000. M'kati mwa minibasi yonse simungalowe mpweya wochuluka chotero. Choncho ngati palibe polowera watsopano, mpweya womwewo umangosinthana mapapo, wa agogo akumbuyo kupita kwa mwana wasukulu, wa mwana wasukulu kupita kwa dalaivala. Chimene chimatipulumutsa kawirikawiri, ngakhale n'zoseketsa kunena, ndi kutha kwa galimoto zathu: chitseko chomanga ndi chingwe, labala wa pagalasi wodyeka, chibowo chapansi chimene umaonerapo phula likuthamanga. Galimoto yatsopano yotsekeka bwino ndiyo imasunga mpweya woipa mokhulupirika.

Akatswiri ali ndi kachipangizo kokwana m'thumba la malaya koyezera zimenezi. Kamayeza mpweya wa carbon dioxide umene timatulutsa popuma. Panja pamakhala magawo pafupifupi 420 pa 1 miliyoni iliyonse, pamene mumpweya wotuluka m'kamwa mumakhala magawo pafupifupi 40,000. Kachipangizoko kakaonetsa 2,400 m'galimoto, ndiye kuti pa malita 20 aliwonse amene ukukoka, lita imodzi yatuluka kale m'mapapo mwa munthu. Mutu wolemera ndi tulo timene timagwira anthu m'basi yotseka mazenera, zimene timazinamizira kutopa, nthawi zina ndi chizindikiro chakuti mpweya wa m'menemo watha ntchito.

Chaka cha ndowa

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo pa 2 Epulo boma linatsimikiza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi kachiromboka ku Lilongwe. Kuyambira pamenepo ndowa ya mpopi inangoti mbwee paliponse. Inali pakhomo pa golosale, pa banki, pa tchalitchi, pa mzikiti, pa depoti, pambali pake kachidutswa ka sopo komangirira kuti kasabedwe. Tinasamba m'manja mpaka khungu linatuwa, kenako n'kulowa m'chipinda chotseka mazenera n'kukhalamo maola atatu mitima ili m'malo.

Si ife tokha amene tinayang'ana kolakwika. Pa 28 Malichi 2020 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalemba pa intaneti kuti kachirombo ka corona sikayenda mumpweya, kamangofala kudzera m'madontho amene amagwa pafupi. Mu Julayi chaka chomwecho akatswiri 239, motsogozedwa ndi Lidia Morawska wa ku Brisbane ku Australia ndi Donald Milton wa ku University of Maryland ku America, analemba kalata yotsutsa zimenezo. WHO inasintha mawu ake pang'onopang'ono, ndipo inadzavomera momveka bwino mu 2021, mliri utasesa kale anthu.

Umodzi mwa maumboni amphamvu unachokera m'basi. Pa 19 Januwale 2020, mu mzinda wa Ningbo ku China, anthu 128 anakwera mabasi awiri kupita ku mapemphero a Chibuda. Ulendo wopita ndi wobwerera unatenga mphindi 100 zokha. M'basi imodzi munali anthu 60, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadwala. M'basi inayo munali anthu 68, mmodzi mwa iwo ali ndi kachiromboka, ndipo makina oziziritsira mpweya ankangozunguza mpweya womwewo. Pamapeto pake anthu 24 a m'basi imeneyo, kuphatikizapo woyambayo, anapezeka ndi matendawa. Okhala kutali ndi wodwalayo anatenga pafupifupi mofanana ndi oyandikana naye, chimene sichingatheke ngati nkhani ili ya malovu ogwera pa mita imodzi. Ofufuza anaonanso kuti dalaivala ndi okhala pafupi ndi chitseko sanadwale, ndipo mwa okhala pa mazenera otseguka anadwala mmodzi yekha. Mphindi 100 zimenezo n'zochepa kuposa ulendo wa minibasi wochoka ku Kasungu kupita ku Lilongwe.

Kuno kwathu boma linayesa m'bindikiro wa masiku 21 umene ukanayamba pa 18 Epulo 2020, koma pa 17 Epulo Woweruza Kenyatta Nyirenda wa ku khothi lalikulu anapereka chiletso atapemphedwa ndi gulu lomenyera ufulu wa anthu la HRDC. Anthu odya za tsiku lomwelo anapuma. Pa zamayendedwe, lamulo linali lochepetsa okwera, ndipo eni minibasi anabweza moto pokweza mitengo. Mu Ogasiti chaka chomwecho kuvala masiki pagulu kunakhala lamulo, chindapusa chake K10,000. Amene anayenda pa M1 masiku amenewo amakumbukira mmene zinkakhalira. Masiki ankakhala pachibwano kapena m'thumba, galimoto ikayandikira rodibuloko kondakitala n'kukuwa kuti, "Masiki, masiki makolo, apolisi kutsogoloku!" Aliyense ankaphimba mphuno kwa mphindi ziwiri, kenako zonse n'kubwerera mwakale. Wapolisi amawerenga mitu ndi masiki chifukwa ndi zimene zimaoneka ataima pamsewu. Uthenga wa mpweya unkamveka chapansipansi, ndipo sunalowe m'mitu mwa anthu ngati mmene inalowera ndowa.

Mabasi ochokera ku Joni ndiwo anaonetsa poyera mgwirizano wa matendawa ndi ulendo. Mu Meyi 2020 abale athu amene ntchito zinawathera ku South Africa anayamba kubwerera, masiku angapo ali m'basi kudutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pa chipata cha Mwanza. Ambiri anapezeka ndi kachiromboka, ndipo kumapeto kwa mwezi umenewo anthu oposa 400 anathawa pa bwalo la masewero la Kamuzu ku Blantyre pamene ankawasunga. Anthu anawanyoza kuti abweretsa matenda. Ndi ochepa amene anafunsa kuti mwa iwowo ndi angati ananyamuka ku Johannesburg ali bwinobwino n'kutengera matendawo m'basi momwemo.

Taonaninso miyezi imene mliriwu unkakula m'dziko muno: Julayi 2020, Januwale 2021, Julayi 2021, kenako kumapeto kwa Disembala 2021. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo mitundu yatsopano ya kachiromboka ndi maulendo a pa Khirisimasi. Komabe n'zovuta kusaona kuti imeneyi ndi miyezi imene timatseka mazenera, mu Julayi chifukwa cha mwera, mu Januwale chifukwa cha mvula. Pa 12 Januwale 2021, tsiku limodzi, dziko linataya nduna ziwiri, Lingson Belekanyama wa maboma aang'ono ndi Sidik Mia, amene anali nduna ya zamtengatenga yeniyeniyo. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi tsiku lomwelo. Katemera anafika mu Malichi 2021, ndipo mu Meyi nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Khumbize Kandodo Chiponda, amenenso anali phungu wa ku Kasungu konkuno, anatsogolera kutentha katemera 19,610 amene anali atatha mphamvu anthu akuzengereza kubayitsa. 

Pasakhale wonena kuti ndowa inali yachabe. Kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 anatikumbutsa kuti manja ndi madzi zimapha. Vuto n'lakuti tinatenga mankhwala a matenda a m'mimba n'kuwayesa okwanira pa matenda a m'chifuwa.

Nyengo ya mabelo

Ku Kasungu chaka chimazungulira pa fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, boma ili la anthu oposa 840,000 limayamba kuyendayenda. Malole odzadza mabelo amandanda kupita ku okushoni ya Chinkhoma, umodzi mwa misika inayi ya fodya m'dziko muno pamodzi ndi Kanengo, Limbe ndi Mzuzu. Alimi amatsatira mabelo awo, amagona m'malesitihausi, amaima pa mizere m'mabanki. Ogulitsa malata, njinga, mawailesi ndi zovala za kaunjika amabwera kudzakumana ndi ndalamazo. Antchito a m'maesiteti, ambiri ochokera ku maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe ndi Mangochi, amalandira zawo n'kuyamba ulendo wa kumudzi. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma maulendo a anthu ofuna ganyu ya fodya sanathe. Zonsezi zimachitika pamene kuzizira kukuyamba. Mu 2020 akuluakulu a msika anachepetsa anthu olowa m'malo ogulitsira fodya, alimi n'kumadandaula kuti fodya wawo akugulidwa iwo osaona. Koma holo ya okushoni ndi chinyumba chachitali, chotakasuka. Malo oopsa kwambiri anali kunja kwa mpanda: chipinda cha lesitihausi chogona anthu asanu, bala yotseka zitseko usiku, ndi kanyumba ka vidiyo kamene amakaphimba ndi mapepala akuda kuti kuwala kusalowe, m'kati anyamata 50 akukuwira chigoli.

Chodabwitsa n'chakuti ngati pali munthu m'Malawi muno wodziwa kayendedwe ka mpweya, ndi mlimi wa fodya wa kwa Kaomba. Chigafa sachimangira makoma. Amachisiya chotseguka m'mbali kuti mphepo idutse, ndipo popachika mikangala amasiya mpata pakati pake, chifukwa amadziwa kuti fodya wa bale akapanikizana nthawi ya mvula amachita chuku n'kuwola, giredi n'kugwa. Wa fodya wa m'mabani amadzuka pakati pa usiku kukatsegula mabowo a pansi ndi a pamwamba kuti chinyezi chituluke. Amalowetsa dzanja pakati pa masamba n'kudziwa kuti pano mpweya waima. Bambo yemweyo, atadinda mabelo ake n'kukwera minibasi, amakankha zenera kuti litsekeke mpaka kumapeto, n'kukhala phewa ndi phewa ndi anthu 17. Zimene sangachite kwa tsamba la fodya amazichita kwa mapapo ake.

Pali chinanso chimene fodya amabisa. Posankha magiredi ndi podinda mabelo pamakhala fumbi lambiri, ndipo aliyense amatsokomola. Chifuwa chimakhala chinthu wamba. Munthu amatsokomola mwezi wathunthu, thupi likutha, usiku akutuluka thukuta, akungoti ndi fumbi la fodya, lidzatha msika ukatsekedwa. Alangizi a zaumoyo amanena mobwerezabwereza kuti chifuwa chikatha milungu iwiri munthu akapereke makhololo, ndipo kuyezetsa ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma. Koma ndani angasiye fodya ali pa jeke n'kukaima pa mzere ku chipatala?

Mwini nyumba wakale

Covid-19 inali mlendo. Mwini nyumba wa mpweya wa m'minibasi ndi chifuwa chachikulu. TB imayamba ndi bakiteriya, osati vairasi, koma njira yake ndi yomweyi, ndipo ndi iyo imene inaphunzitsa madokotala zambiri za nkhaniyi. Cha m'ma 1950 ku Baltimore ku America, Richard Riley ndi anzake, potsatira maganizo a William Wells, anapatutsa mpweya wochokera m'wodi ya odwala TB n'kuupititsa m'chipinda cha pamwamba m'mene ankasungiramo mbira. Mbirazo sizinakhudzane ndi wodwala aliyense, sizinadye naye mbale imodzi, koma zina zinadwala TB. Zaka zoposa 60 zapitapo, ndipo m'midzi yathu wodwala TB timamupatulirabe kapu ndi mbale yake, uku tikugona naye m'chipinda chimodzi chopanda zenera.

Ofufuza a ku Cape Town, Jason Andrews, Carl Morrow ndi Robin Wood, anayeza mpweya m'masitima, m'mabasi ndi m'minibasi za mumzindawo. Mu 2013 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mwa anthu 100 okwera tsiku ndi tsiku, atatu mpaka asanu akhoza kutengera kachirombo ka TB m'galimotomo chaka chilichonse, ndipo chiopsezo chachikulu chinali m'minibasi. Ku Cape Town kuli TB yambiri kuposa kuno, choncho nambala imeneyo si yathu. Koma minibasi yake ndi mtundu womwewu, ndipo Amalawi ambirimbiri amakwera zomwezo popita ku ntchito kumeneko.

Ku Lima m'dziko la Peru, Roderick Escombe ndi anzake anayeza zipinda za m'zipatala n'kufalitsa zimene anapeza mu 2007. Kungotsegula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya wa m'chipinda maulendo pafupifupi 28 pa ola, kuposa zipinda zodula zoyendera makina. Zipatala zakale za denga lalitali ndi mazenera akuluakulu ndizo zinapambana, zinkafika maulendo 40. Kwa dziko limene magetsi amathima osatsanzika, nkhani imeneyi inayenera kukhala yosangalatsa. Koma tayang'anani mmene tikumangira masiku ano. Mashopu atsopano m'tauni ya Kasungu ndi m'malo ochitira malonda monga Chatoloma, Nkhamenya ndi Santhe ambiri ali ndi khomo limodzi kutsogolo, kumbuyo khoma lokhalokha, poopa akuba. Nyumba za lendi zili ndi kazenera kamodzi kamene kanakhomeredwa misomali. Makalasi a pulayimale omangidwa ndi zidina zobowola, amene timawaona ngati osauka, amapuma bwino kuposa maofesi ena a makatani olemera.

Ulemu wa galimoto ndi mpweya wake

Tikaika galimoto pa mndandanda wa ulemu, pamwamba pamakhala basi yaikulu ya magalasi osatseguka, yozizira bwino m'kati. Pansi pake pamabwera Sienta ndi tigalimoto tina ta matola, kenako minibasi, kenako kabaza, ndipo pansi penipeni pali lole yotsegula kumbuyo imene imanyamula anthu opita kumaliro, kumpira kapena kuesiteti. Tikauona mndandandawu ndi diso la mpweya, umatembenuka. Wokwera pamwamba pa mabelo, amene aliyense amamumvera chisoni, akupuma mpweya woyera kuposa bwana wa m'basi yozizira, ngati makina a basiyo akungozunguza mpweya wa m'kati. Sindikuti anthu azikwera malole. Lole ndi kabaza wa njinga yamoto zili ndi njira zawo zophera anthu, ndipo n'zachangu kuposa chimfine. Ndikungoti kuzizira kwa m'galimoto si umboni wakuti mpweya ndi watsopano, ndipo Sienta yonyamula anthu 9 kapena 10, magalasi onse atakwezedwa, wailesi ili pamwamba, aliyense akuyankhula mokuwa, ndi kabokosi koyenera kukaopa.

Fumbi nalo lili ndi mlandu wake. Kuyambira 2022, pamene ntchito yokonzanso msewu wa M1 inayamba kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kudutsa Kasungu ndi Jenda, galimoto zinkapatukira m'misewu yafumbi, ndipo palibe amene akanalola zenera lotsegula pamenepo. Misewu yolowera m'midzi ya kwa Kaomba ndi yafumbi chaka chonse kupatula nthawi ya matope. Mayi amene wavala zoyera za chigwirizano kapena za mvano ali ndi chifukwa chomveka chotsekera zenera. Fumbi limaoneka, limadetsa, limatsokomoletsa nthawi yomweyo. Kachirombo sikaoneka, ndipo kamadzaonekera patapita masiku, munthu ataiwala kale galimoto imene anakwera.

Komatu sipafunika kutsegula zonse mpaka anthu kuuluka mipango. Kumapeto kwa 2020 ofufuza a ku Brown University ku America anaonetsa pa kompyuta mmene mpweya umayendera m'galimoto yaing'ono yothamanga makilomita 80 pa ola. Anapeza kuti mpweya umakonda kulowera m'mazenera akumbuyo n'kutulukira akutsogolo, mosiyana ndi mmene ambiri timaganizira, ndipo mazenera awiri otsegula, lina mbali iyi lina mbali inayo, amachotsa mpweya wakale bwino kwambiri kuposa kutseka onse. Mpata wokwana zala zitatu kutsogolo ndi wina kumbuyo umasintha zinthu galimoto ikamathamanga. Nthawi yoipitsitsa ndi imene galimoto yaima pa depoti kudikira kudzadza, chifukwa palibe mphepo yokankha mpweya. Pamenepo ndi pamene chitseko ndi mazenera onse ziyenera kukhala zotsegula, ndipo khanda likhoza kudikirira panja pamthunzi ndi mayi ake, mpando atausungitsa ndi chikwama.

Funso limatsala n'lakuti zenera ndi la yani. Mwa chizolowezi chathu ndi la amene wakhala pafupi nalo, ngati kuti analigula pamodzi ndi mpando. Wa pakati alibe mawu. Munthu yekhayo amene aliyense amamumvera m'minibasi ndi kondakitala. Iye akati "sunthani" anthu amasuntha, akati "mwanayo mumunyamule" amamunyamula. Ndi iyenso, pamodzi ndi dalaivala, amene amapuma mpweya umenewu kuyambira mbandakucha mpaka usiku, masiku onse a sabata, pamene wokwera amatsika pakatha maola awiri. Ngati pali anthu oyenera kuphunzitsidwa nkhaniyi ndi a zaumoyo, ndi makondakitala, madalaivala ndi atcheyamani a masiteji, ndipo phunzirolo liyambire pa mapapo awo omwe. Koma kondakitala sangatsegule zenera limene kulibe. Minibasi zambiri zili ndi magalasi ogwira dzimbiri osasuntha, ena anamatidwa ndi guluu, ena anasweka n'kulowedwa m'malo ndi pulasitiki kapena pulayiwudi. Ine ndikuona kuti poyeza galimoto yonyamula anthu kuti ipatsidwe chiphaso cha COF, zenera lotseguka liziwerengedwa molimba ngati mabuleki ndi matayala, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko akhoza kuliyesa ndi dzanja limodzi.

Mafumu nawo ali ndi gawo limene boma silingalifike. Nthawi ya Covid-19 anali iwo amene ankauza anthu kuti maliro asachedwe ndiponso kuti khamu lichepe. Pa maliro athu abambo amachezera panja pamoto, pamene amayi amadzadzana m'nyumba ya siwa, zitseko ndi mazenera zili zotseka, akuimba usiku wonse. Kuimba m'chipinda chotseka ndi njira yodziwika bwino yofalitsira matendawa. Mu Malichi 2020, ku Skagit m'chigawo cha Washington ku America, anthu 61 a kwaya anakumana kuphunzira nyimbo kwa maola awiri ndi theka, ndipo 53 anadwala, awiri n'kumwalira. Palibe amene angauze amayi a kwa Kaomba kuti asiye kuimba pa siwa, ndipo sipafunika kutero. Nyakwawa kapena mkulu wa mpingo akhoza kungolamula kuti mazenera a nyumba ya siwa atsegulidwe ndipo ena akhale pakhonde, monga mmene amalamulira za nkhuni ndi ufa.

Ulendo umene umandidetsa nkhawa kwambiri ndi wa wodwala. Ku Kasungu ambulansi sizikwanira aliyense, choncho munthu wa chifuwa amapita ku chipatala cha boma pa galimoto yomweyo imene akwera ana asukulu ndi amayi a geni, ndipo akauzidwa kuti apite ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central amakweranso minibasi. Chifukwa cha chifundo timamukhazika pakati, timamufunditsa bulangete, n'kupempha kuti mazenera onse atsekedwe kuti asazizidwe. A zaumoyo amalangiza zosiyana ndi zimenezi: wotsokomola akhale pafupi ndi zenera lotsegula, atavala masiki, kapena ataphimba pakamwa ndi mphuno ndi chitenje chopinda kawiri ngati masiki palibe. Wodwala TB akayamba kumwa mankhwala oyenera, mphamvu yake yopatsira ena imatsika kwambiri m'milungu iwiri yoyambirira, ngakhale kuti mankhwalawo amamwa miyezi 6. Ndiye kuti amene anthu amamusala chifukwa amuona ndi kabuku ka kuchipatala ndi amene wayamba kale kukhala wosaopsa. Ulendo umene amapatsira anthu ambiri ndi woyamba uja, wopita kukayezetsa, pamene iye mwini, kondakitala ndi onse okhala naye pa mzere akuganizabe kuti ndi fumbi la fodya.